Kope la Ngongole ndi Geni ya M'maesiteti a Tiyi

M'nkhani ino ndikufuna kuunika chomwe chimadzutsa kapena kugwetsa mabizinesi ang'onoang'ono m'midzi yozungulira maesiteti a tiyi ku Thyolo ndi ku Mulanje. Ambiri amati vuto ndi kuchepa kwa mpamba. Sindikukana, koma ine ndikuona kuti nkhani yaikulu yagona pa ngongole.

Tiyi anayamba kulimidwa ku Mulanje m'chaka cha 1891, ndipo mpaka lero malo aakulu achonde m'maboma awiriwa ali m'manja mwa maesiteti monga Lujeri, Satemwa ndi Makandi. Mabanja ambiri ali ndi timinda tosakwana kudya chaka chonse, choncho ndalama yomwe imazungulira m'mudzi ndi ya malipiro a kuesiteti. Wogulitsa matemba, mwini okala, watelala ndi wakabaza, onse amadikira tsiku limodzi lomwelo.

Pakati pa malipiro ndi malipiro, wothyola tiyi alibe ndalama m'thumba, koma ana ayenera kudya. Amapita pa okala n'kutenga sopo, mchere ndi ufa wa walkman, mwini okala n'kulemba m'kope. Wamalonda wokana kukongoza sagulitsa kanthu, pakuti anthu amangopita kwa mnzake. Wokongoza aliyense naye sachedwa kutseka. Tsiku la malipiro likafika, woyamba kulandira ndi wakatapila, yemwe chiwongoladzanja chake n'choopsa ndipo sasekerera munthu. Mwini okala, poti ndi mnansi kapena mlamu, amauzidwa kuti adikire malipiro enawo. Apa m'pamene chibale chimadyera mpamba.

Nyengo nayo ili ndi mbali yake. Tiyi amaphukira kwambiri m'miyezi ya mvula, kuyambira Disembala mpaka cha mu Epulo, ndipo maesiteti amalemba antchito ambiri aganyu. Chilimwe chikafika ntchito imatha, ena n'kubwerera kwawo dzina lili m'kope. Wamalonda wanzeru amayamba kutseka kope mvula isanathe.

Kukongoza kumapwetekanso ndalama ikagwa mphamvu. Mu Novembala 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti. Amene anakongoza shuga pa mtengo wakale analandira ndalama yosakwana kuodanso katundu yemweyo ku Limbe. M'chaka chomwecho, mu Malichi, namondwe wa Freddy anali atakokolola minda, nyumba ndi milatho ku Mulanje, ndipo munthu amene nyumba yake yagwa sungamulondole ngongole ya mchere.

Nanga omwe amapita patsogolo amatani? M'kuona kwanga, sadalira esiteti yokha. Mayi wogulitsa zinanazi kapena mapeyala m'mbali mwa msewu wa ku Muloza amalandira ndalama ya apaulendo, yomwe siyendera tsiku la malipiro. Ena amatenga ndiwo zamasamba kukagulitsa pa Bvumbwe, ena amaoda katundu pa Limbuli, pomwe pamabwera malonda ochokera ku Mozambique. Banki mkhonde imathandizanso, osati chifukwa cha ngongole yokha, koma poti ndalama yosungidwa kugulu m'bale sangaipemphe usiku. Ngakhale Airtel Money ndi Mpamba zimagwira ntchito yomweyi: ndalama ya m'foni siilira m'thumba.

Ndikadafunsidwa ndi mabungwe obwereketsa ndalama, ndikadawauza kuti asanapereke mpamba ayambe aona kope la wamalondayo, awerenge maina omwe adutsa malipiro awiri osafafanizidwa.