Za Kulima Matimati Kunyanja, ndi Matenda Ake

Abale athu a m'midzi ya kunyanja, kuyambira ku Chipoka kufikira kwa Maganga ndi kwa Khombedza, mwezi uno tifuna kuphunzira pamodzi za matimati, amene ena ati phwetekere. Tonse tidziwa kuti usipa wopanda matimati sukondweretsa ana, ndipo tidziwanso kuti mvula ikagwa mtengo wake pamsika wa Salima ukwera, kotero kuti mayi abwera kwao ndi atatu okha m'manja. Koma madzi tili nawo, m'nyanja ndi m'mitsinje ya Linthipe ndi Lilongwe, ndipo manyowa angotayika m'makola. Chotisowa n'chiyani tsono? Ambiri ayesa kubzala nalephera, nati, Dziko lino latentha, silifuna matimati. Ife titi dziko liwafuna, koma pa nyengo yake.

1. Nyengo yofesa

Mbewu iyi kwao ndi ku South America, kumene inamera poyamba kufupi ndi mapiri a Andes, ndipo siikonda kutentha kopambana. Kutentha kukapitirira madigiri 32 masiku ambiri, maluwa ayoyoka osabala kanthu. Ndicho chifukwa chake munthu wa ku Dedza kapena ku Ntcheu akhoza kubzala miyezi imene ife sitingathe. Kwathu kuno tifese mu Malichi kapena Epulo, mvula ilikutha, kuti maluwa adze m'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi. Wofesa mu Ogasiti adzaona maluwa ake mu Okutobala, dzuwa lili pamutu, ndipo adzatunga madzi ambiri ndi kukolola pang'ono.

2. Nazale

Akulu anati, M'mera m'poyamba. Sankhani malo amene simunabzalepo matimati kale, muunjike udzu wouma ndi mapesi pamenepo ndi kutentha, kuti tizirombo ta m'nthaka tife. Fesani m'timizere, osakwirira kwambiri, sentimita imodzi yokha. Ikatha sabata mbewu zimera. Mukaona mbande zilikugwa, tsinde lake litaonda ndi kuda pafupi ndi dothi, dziwani kuti mwathithikiza pofesa ndipo mwachulutsa madzi. Patulirani, chepetsani mthunzi, ndipo muzithirira m'mawa mokha. Pakapita masabata anayi kapena asanu, mbande zitafika msinkhu wa chikhatho, muziokere madzulo, masentimita 60 kuchokera pa phando kufikira linzake, ndi masentimita 90 pakati pa mizere. M'phando lililonse muike manyowa oola bwino odzaza manja awiri, pakuti dothi lathu lamchenga silisunga madzi popanda manyowa.

3. Zotupa za m'mizu

Nthenda yoyamba ya dothi lamchenga ndi iyi: mbewu ikhala yopinimbira, masamba achita chikasu, ifota masana ngakhale mwathirira. Zulani imodzi muone mizu. Mukapeza yatupatupa ngati mikanda, alowamo ndi tinyongolotsi tating'ono tosaoneka ndi maso, timene alimi a fodya atidziwa bwino. Mbewu yotere siichira. Chotithandiza ndicho kusinthanitsa: pamene panali matimati, fodya, tsabola, mabilinganya kapena therere, tisabzalepo matimati kufikira zitapita zaka zitatu, koma tiikepo chimanga kapena mapira. Mtundu wotchedwa Tengeru 97, umene unatuluka ku Tanzania m'chaka cha 1997, upirira nthendayi koposa mitundu yambiri.

4. Kufota kwadzidzidzi

Pena mbewu yobiriwira bwino ifota yonse masiku awiri okha, masamba osasanduka chikasu. Ena aganizira mnansi kuti wachita kanthu, ndipo udani uyamba pachabe. Tisafulumire. Dulani tsinde pafupi ndi dothi, muviike nsonga yake m'tambula ya madzi oyera, ndi kudikira pang'ono osagwedeza. Mukaona utsi woyera ngati mkaka ulikutsika kuchokera m'tsindemo, ndiyo nthenda ya m'nthaka imene itseka njira za madzi m'mbewu. Iyenda ndi madzi othirira, ndi dothi lomatirira kukhasu. Zulani mbewuyo ndi dothi lake, mukaitenthe kutali, ndipo madzi a pamenepo asayendere ku mizere ina.

5. Kuola kwa kunsi kwa chipatso

Kawirikawiri tiona chipatso chabwino pamwamba, koma kunsi kwake kuli banga lakuda lophwa. Apa palibe kachirombo, ndipo kupopera mankhwala ndi kutaya ndalama. Chipatso chisowa mchere wina wa m'nthaka wotchedwa kashiamu, umene ukwera pamodzi ndi madzi. Tikathirira kwambiri lero, ndi kuleka masiku anayi chifukwa cha maliro kapena ulendo, mcherewo sufika kunsonga ya chipatso. Kuthirira kotereku ndiko kung'ambanso zipatso. Chifukwa chake tithirire mofanana, patsinde osati pamasamba, ndipo tiphimbire dothi ndi udzu kapena mapesi a mpunga. Wopita paulendo asiye mwana kapena mnansi womuthiririra.

6. Akangaude ofiira

Mwera ukayamba kuomba ndi fumbi lake, ndipo makamaka kukayamba kutentha, masamba achita timadontho toyera, nauma ngati awauka. Tembenuzani tsamba: mudzaona tinthu tofiira tonga fumbi tilikuyenda, ndi ukonde wosalala. Mpanda wa udzu kumbali yochokera mwera uchepetsa fumbi, utchinganso mbuzi. Masamba a nimu, mtengo umene uli pafupifupi m'mudzi uliwonse kuno, tiwasinje, tiwaviike usiku wonse, tisefe, tisakanize ndi sopo pang'ono, ndi kuwaza kunsi kwa masamba madzulo sabata iliyonse. Athandiza tikayamba msanga. Ndipo tikatha kukolola tizule mitengo yakale ndi kuitentha, pakuti ndimo akangaude adikira mbande zatsopano.

7. Mbozi ziwiri

Yoyamba ndi yaikulu, iboola chipatso ndi kulowetsa mutu. Ndiyo yomwe idya thonje m'minda mwathu. Iyi tikhoza kuitola ndi manja m'mawa. Yachiwiri ndi yachilendo, dzina lake Tuta absoluta. Inachokera ku South America, inafika ku Spain m'chaka cha 2006, ku Tanzania mu 2014, ku Zambia mu 2016, ndipo kwathu kuno iliponso. Ikhala m'kati mwa tsamba, nidya nyama yake ndi kusiya khungu loyera loonekera. Iboolanso chipatso pafupi ndi phesi. Popeza ibisala m'kati, mankhwala ambiri saifika, ndipo izolowera msanga mankhwala opopera kawirikawiri. Tithothole masamba ogwidwa pamene ali owerengeka, tiwatenthe kapena kuwakwirira mozama pamodzi ndi zipatso zoboola, osazitaya pambali pa dimba.

8. Chenjezo

Pano tinena molimba. Alipo ena amene atenga mankhwala otsala a thonje napopera matimati, mawa lake nathyola kukagulitsa kapena kuphikira ana. Ichi n'choopsa. Wofuna mankhwala a m'sitolo ayambe wafunsa mlangizi wa zaulimi, awerenge pabotolo masiku oyenera kudikira asanathyole, ndipo awasunge masikuwo. Asatsuke chopopera m'nyanja kapena mumtsinje, mmene timwa ndi mmene mukhala nsomba zathu. Ngakhale ombwe, umene ena awaza m'dimba, upha nsomba. Madzi ake asafike kunyanja.

Tsono tiona kuti matenda awa onse ali ndi chizindikiro chake, china kumizu, china kutsinde, china kunsi kwa tsamba. Mwini dimba ayende m'mizere yake m'mawa uliwonse, atembenuze masamba, amangirire mbewu kumitengo kuti zipatso zisagone pansi, ndi kuthena mphukira za m'mphanda. Mitengo makumi awiri yosamalidwa chotero ikwanira ndiwo za banja miyezi iwiri kapena itatu. Zotsala tizidule ndi kuziyanika pathandala monga tichita ndi usipa, kuti zitithandize m'dzinja.

Amene mudziwa kuwerenga, muwerengereko anzanu mau awa pabwalo, ndipo mufunsane: Pamalo pamene ndifuna kubzala chaka chino, panali mbewu yanji chaka chatha?