MALAMULO AWIRI OTSATANA NDI KABWEZEDWE KACE

M'sukulu za sekondale ana aphunzira za fankishoni, ndilo lamulo losandutsa nambala ina kuti ikhale ina. Mlimi wogulitsa cimanga alidziwa kale lamuloli, angakhale sanamve dzina lace.

Mwacitsanzo, thumba limodzi ligulidwa K300, ndipo mwini ngolo alandira K100 pa ulendo. Lamulo loyamba ndilo f(x) = 300x; laciwiri ndilo g(x) = x − 100. Awiriwa akatsatana alembedwa gf(x) = 300x − 100, ndipo f, loyandikana ndi x, ndilo liyamba kugwira nchito. Cotero matumba 4 amsiyira mlimi K1,100.

Tsono akafika kwao ndi K1,400, adzadziwa bwanji ngati analipidwa matumba onse? Ayenera kubwerera m'mbuyo, kuyambira pa cotsiriza: aonjezepo K100 zikhale K1,500, nagawe ndi 300, ndipo apeza matumba 5. Ngati ananyamula 6, limodzi silinalipidwe. Lamulo lobwezali lilembedwa (gf)⁻¹.

Woyamba ndi kugawa adzasokera. Pakuti womasula ng'ombe ayamba wacotsa ngolo, ndi goli pambuyo pace, popeza goli ndilo linayamba kumangidwa.