Kuphunzitsa Lamulo la Manambala Otsika

Inu amene mukukonzekera kuphunzitsa Cinyanja, musaganize kuti masamu ndi nchito ya mnzanu. Kawirikawiri mwana amalephera samu cifukwa mau a funso amusokoneza. Ku Kaumbwe, m'boma la Petauke, ndiponso ku Nyimba, ana ambiri amalankhula Cinsenga kunyumba. Conco muyenera kusankha mau anu mosamala.

Yambani ndi nkhokwe, pakuti mwana aliyense amaidziwa. Lembani pabolodi:

46, 40, 34, 28, …

Auzeni kuti izi ndi zitini za cimanga zimene banja lina linali nazo pa tsiku loyamba la Juni, Julaye, Ogasiti ndi Seputembala. Kenaka tsatani njira izi:

1. Funsani kuti, "Kodi cimanga cikuculuka kapena cikucepa?"

2. Ana apeze kusiyana kwa manambala oyandikana: 46 − 40 = 6, 40 − 34 = 6, 34 − 28 = 6. Asalekezere pa kusiyana koyamba, cifukwa mndandanda wa 46, 40, 35 umayamba cimodzimodzi koma sutsata lamulo lomweli.

3. Anene lamulo m'ciganizo cathunthu. Yankho lakuti "6" musalilandire, popeza silisonyeza ngati tikuonjeza kapena tikucotsa. Mneni ndiye amasenza lamulo: "Cotsani 6 pa nambala iliyonse kuti mupeze yotsatira." Mwana wolinena m'Cinsenga mloleni, ndipo pambuyo pace mumthandize kulinena m'Cinyanja.

4. Funsani zitini zimene zidzatsale pa tsiku loyamba la Januwale, mwezi wacisanu ndi citatu pamndandandawu. Ambiri adzacotsa 6 kasanu ndi katatu, nadzapeza kuti 48 yaposa 46. Aonetseni kuti pofika nambala yaciwiri tacotsa kamodzi kokha, pofika yacitatu tacotsa kawiri. Motero pofika yacisanu ndi citatu ticotsa kasanu ndi kawiri: 7 × 6 = 42, ndipo 46 − 42 = 4.

Musatseke phunziro pa nambala 4. Funsani tanthauzo lace. Banja lodya zitini 6 pamwezi lidzasowa cakudya Januwale asanathe, cimanga cam'munda cisanakhwime. Ana akambirane ngati banja lotere liyenera kugulitsako cimanga cace nthawi yokolola.

Nchito: Konzani mndandanda wanu wotsika wocokera pa zinthu za m'mudzi, ndipo lembani mafunso atatu amene mudzafunsa ana a Giredi 4.