Phunziro la mwezi uno: Ulendo wa ku Lilongwe umakonzedwa musanachoke ku Dzaleka

Ambiri a ife timapita ku Lilongwe pa zifukwa zazikulu: kukaonana ndi dokotala, kukafunsidwa mafunso pa nkhani ya ulendo wopita ku dziko lachitatu, kapena kukalemba mayeso. Ulendo wotere ukalephereka, tsiku lina limachedwa kupezeka. Phunziro ili likukamba zinthu zisanu zoyenera kuzidziwa musanakwere galimoto: mapepala, nthawi, malo, mayendedwe ndi kalankhulidwe. Liwerengeni pamodzi m'banja kapena pagulu, ndipo muwamasulire anzathu amene sanazolowere Chichewa.

1. Mapepala

Malamulo a dziko lino amafuna kuti othawa kwawo azikhala mu kampu. Tonse tikukumbukira za 2023, pamene boma linaika 15 April ngati tsiku lomaliza loti okhala m'matauni abwerere ku Dzaleka, ndipo mu May apolisi ndi asilikali anayamba kugwira amene anatsalira. Choncho kutuluka opanda chilolezo ndi kudziika m'mavuto.

Pemphani chilolezo chotulukira ku ofesi ya boma yoyang'anira kampu masiku angapo ulendo usanafike. Mukachilandira, onani ngati dzina lanu lalembedwa bwino, komanso tsiku lochoka ndi lobwerera. Tengani chiphaso chanu. Ngati mukupita ku chipatala, musaiwale kalata yokutumizani ndi buku la kuchipatala. Jambulani mapepala onsewa pa foni, koma enieniwo muwaike m'kapepala kapulasitiki, m'thumba lamkati.

Apolisi akakuimitsani pamsewu, perekani moni, onetsani mapepala ndipo yankhani zimene mwafunsidwa zokha. Musapereke chiphuphu. Ndi mlandu kwa wopereka ndi wolandira yemwe.

2. Nthawi

Apa ndi pamene anthu olankhula Chiswahili, Kirundi ndi Kinyarwanda amasokonekera. M'zilankhulo zimenezi maola amawerengedwa kuyambira potuluka dzuwa, koma Amalawi amawerenga monga momwe wotchi ikuonetsera. Kusiyana kwake ndi maola 6. Dokotala akanena kuti mubwere 8 koloko m'mawa, ndiye "saa mbili" ya Chiswahili. Munthu akamva 8 n'kuganiza "saa nane", adzafika 2 koloko masana n'kupeza mzere watha. Pemphani kuti akulembereni nthawiyo m'manambala, ndi mawu akuti m'mawa kapena masana.

Kumbukiraninso kuti minibasi ilibe nthawi yonyamukira. Imachoka ikadzaza. Ngakhale kuti mtunda wa pakati pa Dzaleka ndi Lilongwe ndi makilomita oposa 40 pang'ono, dzipatseni maola awiri kapena atatu. Kufika msanga n'kudikira kulibe vuto.

3. Malo

Kuchokera kuno, galimoto imatulukira pa msewu wa M1, n'kudutsa Lumbadzi, Kanengo ndi Area 18, isanafike m'tauni. Lilongwe inakhala likulu la dziko mu 1975, ndipo ili ndi mbali ziwiri zotalikirana. Ku Old Town kuli depoti, msika waukulu ndi masitolo ambiri. Ku City Centre ndi ku Capital Hill kuli maofesi a boma, maofesi a akazembe ndi mabungwe ambiri. Kondakitala akamakuwa kuti "tauni", akunena Old Town.

Madera a mzindawu ali ndi manambala, koma manambalawo satsatana ngati nyumba za mumzere umodzi. Area 25 ili kumpoto, pafupi ndi Kanengo, pamene Area 23 ili kutsidya lina la mzinda, kupitirira Kawale. Musaganize kuti mukatsika ku 25 muyenda wapansi kukafika ku 23.

Dziwaninso mayina amene anthu amagwiritsa ntchito. Kamuzu Central Hospital amangoti "ku Central". Chipatala cha Bwaila, chomwe chili ku Old Town, ambiri amati "ku Bottom". Izi ndi zipatala ziwiri zosiyana, ndiye onani bwino chimene chalembedwa pa kalata yanu. Kumene mukupita funsiranitu zinthu zitatu: nambala ya Area, dzina la siteji yotsikira, ndi chizindikiro chapafupi monga tchalitchi, sukulu kapena malo omwetsera mafuta. Anthu a mu Lilongwe amalondolerana ndi zizindikiro zotere kuposa mayina a misewu.

4. Mayendedwe

Funsani mtengo musanakwere. Mitengo imasintha mafuta akakwera kapena akasowa, ndipo madzulo anthu akamaweruka imakwera. Amene wapita sabata yomweyo ndiye angakuuzeni mtengo weniweni. Khalani ndi ndalama zing'onozing'ono pamalo osavuta kutulutsa, ndipo ya ulendo wobwerera muisunge padera kapena pa Airtel Money kapena Mpamba.

Pa depoti oitanira amathamangira katundu wa munthu. Gwirani chikwama chanu nokha, ndipo funsani kondakitala kapena wokwera mnzanu kumene minibasiyo ikupita. Mukangokhala pansi, muuzeni kondakitala kuti: "Achimwene, ndine mlendo, munditsitse pa Central." Mukumbutseninso mukayandikira tauni.

Kabaza wa njinga yamoto amathandiza pa mtunda waufupi, koma ngozi zake n'zambiri. Gwirizanani mtengo musanakwere, pemphani chipewa choteteza mutu, ndipo musakwere awiri. Wodwala, mayi woyembekezera kapena wonyamula khanda ndi bwino akwere minibasi.

Powoloka msewu samalani kwambiri. Ku Congo, Burundi ndi Rwanda magalimoto amayenda kumanja, koma kuno amayenda kumanzere. Galimoto yoyamba kukufikani imachokera kudzanja lanu lamanja. Yang'anani kumanja, kenako kumanzere, kenako kumanjanso. Anthu amene angofika kumene ndi ana aphunzitsidwe zimenezi asanapite m'tauni.

5. Kalankhulidwe

Mmalawi safunsidwa njira asanapatsidwe moni. Yambani ndi "Zikomo bambo" kapena "Pepani mayi, muli bwanji?" kenako funsani. M'Chiswahili kunena "wewe" kwa munthu wamkulu si cholakwa, koma m'Chichewa "iwe" ndi wa mwana kapena mnzako wapamtima. Kwa munthu amene simukumudziwa nenani "inu". Mawu amodzi amenewa amasintha mmene munthu angakuthandizireni.

Mukasochera, musaime pakati pa msewu ndi foni m'manja. Lowani m'sitolo, kapena funsani mlonda wa pageti kapena mayi wogulitsa pa benchi. Wina akakunyozani chifukwa cha kalankhulidwe kanu, musabweze, chokanipo. Mukaberedwa kapena kutaya mapepala, pitani ku polisi yapafupi tsiku lomwelo kuti akulembereni lipoti, ndipo mukafika kuno kanenani ku ofesi.

Musanachoke pakhomo, uzani wachibale kapena mtsogoleri wa zoni yanu kumene mukupita ndi tsiku lobwerera. Lembani nambala yake papepala, poti foni imatha moto. Yambani ulendo wobwerera dzuwa likadali m'mwamba. Ngati achipatala akugonekani ndipo masiku a chilolezo atha, pemphani kalata yotsimikizira zimenezo, ndipo tumizani uthenga ku kampu.

Mafunso okambirana pagulu

a) Kalata ikuti mufike 9 koloko m'mawa. M'chilankhulo chanu ndi nthawi yanji, ndipo muchoke pakhomo nthawi yanji?

b) Tchulani mapepala amene munthu wotumizidwa ku Central ayenera kutenga.

c) Awiriawiri, yesezani kufunsa njira m'Chichewa, wina akhale mlendo, wina wogulitsa m'sitolo.

d) Mu zoni yanu, ndani amadziwa bwino Lilongwe, amene angaperekeze munthu wopita koyamba?