KONZANI KHICHINI LANU NDI ZINTHU ZIMENE ENA ATAYA

Pamudzi pali ponse, nyumba imene igwira nchito yaikuru koposa zonse ndi khichini. M'menemo moto uyaka m'mawa, masana ndi madzulo, ndipo amai akhalamo nthawi yaitali ali ndi mwana kumbuyo. Koma pomanga, khichini ndilo likhala lotsiriza kuganiziridwa: lalifupi, lamdima, lopanda zenera, tsindwi lace lakuda bii ndi mwaye. Ambiri ati kulikonza kufuna ndarama. Phunziro la lero lisonyeza kuti nchito yaikuru itheka ndi dothi la paculu, mcenga, phulusa, mabotolo, zigubu ndi miphika yakale, zinthu zimene ziri mbwee kuseri kwa nyumba zathu.

MOTO NDI UTSI

Tiyambe ndi moto. A bungwe la WHO, loyang'anira za umoyo pa dziko lonse, anawerengera kuti m'caka ca 2020 anthu 3.2 miliyoni anafa ndi matenda obwera cifukwa ca mpweya woipa wa m'nyumba, makamaka utsi wophikira. Mwa iwo, ana osafika zaka 5 anaposa 237,000. Utsi ulowa m'mapapo, nuyambitsa cibayo ndi cifuwa cosatha, uononganso maso.

Kodi utsi n'ciani? Utsi ndi nkhuni zimene sizinapse bwino. Pa mafuwa atatu mphepo imwaza kutentha mbali zonse, moto uzizira, ndipo gawo lalikuru la mtolo umene amai anasenza licoka osaphika kanthu. Mankhwala ace ndi citofu ca dothi. Ku Nkhata Bay, m'dziko la Malawi, bungwe la Ripple Africa lafalitsa citofu cochedwa Changu Changu Moto, comangidwa ndi njerwa zosaocha 26 ndi matope basi. Eni ace anena kuti banja limene linali kutha mitolo itatu ya nkhuni pa sabata litha mtolo umodzi wokha.

Pomanga citofu ca mtundu uli wonse, sungani malamulo atatu awa. Loyamba: moto ukhale m'kacipinda kakang'ono kozingidwa ndi khoma locindikala, kuti kutentha kukwere kumphika. Laciwiri: mpweya ulowe pansi pa nkhuni. Khasu lotha kapena kacitsulo kakale koika pakhomo pa citofu kakweza nkhuni pang'ono, ndipo moto upuma bwino. Lacitatu: mphika ukhale pafupi ndi malawi, koma siyani mpata wonga cala cimodzi m'mbali kuti utsi uturuke, cifukwa mukatseka ponse moto uzima.

Matope ace sakanizani dothi la paculu, mcenga ndi udzu wouma wodula-dula. Yesani motere: umbani kampira, kaume pamthunzi. Kakang'aluka, onjezani mcenga. Kakafumbutuka, onjezani dothi. Citofu cikatha, cisiyeni ciume masabata awiri kapena kuposa, ndipo tsiku loyamba sonkhani moto waung'ono. Citofu cotere cidya tinkhuni tating'ono touma, zitsononkho ndi mitengo ya nandolo. Cotero mitengo yaikuru ya m'thengo ipulumuka. Mwana wokwawa sagwera pamoto, ndiponso nsakali za moto siziulukira kutsindwi.

Koma utsi sutheratu ai. Boolani zenera kumtunda kwa khoma, pafupi ndi tsindwi, moyang'anana ndi khomo. Utsi wotentha ukwera m'mwamba, ndipo mphepo yolowa pakhomo iukankhira kunja.

NYALI YA BOTOLO

M'caka ca 2002, pamene magetsi anali kuzima-zima ku Brazil, makanika wina wa mu mzinda wa Uberaba, dzina lace Alfredo Moser, anapeza njira youniikira m'nyumba usana ndi botolo la pulasitiki. Kuyambira m'caka ca 2011 njirayi inafala kwambiri ku Philippines ndi m'maiko ena. Madzi a m'botolo alandira kuwala kwa dzuwa pamwamba pa denga, naumwaza m'cipinda monse. Dzuwa likawala bwino, botolo limodzi liunika monga babu la mawati 40 kufikira 60.

Tengani botolo loyera la malita awiri, mulicotse cipepala, mudzazemo madzi oyera. Thiranimo mankhwala oyeretsera zobvala, monga Jik, zitsekero ziwiri, kuti ndere zisamere, ndipo mutseke zolimba. Dulani cigamba ca lata lakale, muciboole, mulowetse botolo kuti gawo limodzi likhale pamwamba, magawo awiri pansi. Boolani denga, mukhomerepo cigambaco, ndi kumata m'mbali monse ndi phula kuti mvula isalowe. Phimbani citsekero ndi kanthu kakuda, popeza dzuwa licionongeratu msanga. Nyaliyi igwira nchito usana wokha, koma sifuna parafini kapena mabatire.

Njira imeneyi ndi ya denga la malata. Pa tsindwi la udzu musayese: padontha, ndiponso botolo la madzi likhoza kusonkhanitsa dzuwa pa udzu wouma. Inu a tsindwi la udzu, ikani mabotolo a galasi m'khoma pomanga. Agonekeni pakati pa njerwa, matako kunja, kukamwa m'kati, ndipo mutseke kukamwako ndi dothi kuti tizirombo tisamangemo. Muwaike kutali ndi ngondya za nyumba. Mabotolo oyera alowetsa kuwala kwambiri. Obiriwira ndi ofiirira akometsera khoma.

MIPHIKA IWIRI YOSUNGIRA NDIWO

Mlimi ali yense wa dimba adziwa cisoni ca matimati oola asanafike kumsika. M'zaka za m'ma 1990, mphunzitsi wa kumpoto kwa Nigeria, Mohammed Bah Abba, anafalitsa njira ya miphika iwiri, ndipo analandira nayo mphotho ya Rolex m'caka ca 2000. Kumeneko mabiringanya amene anali kuonongeka pa masiku atatu anakhala masiku 27, ndipo matimati ndi tsabola zinakhala masabata atatu.

Pezani miphika iwiri ya dothi, waukuru ndi waung'ono. Waukuru ukhoza kukhala wakale; ngati uli ndi cibowo pansi, cimateni. Thirani mcenga pansi pa waukuru, mukhazikemo waung'ono kuti milomo ilingane, ndipo mudzaze mcenga m'mpata wa pakati, wonga zala ziwiri kapena zitatu. Nyowetsani mcengawo, muike ndiwo mu mphika wa m'kati, muphimbe ndi nsaru yonyowa.

Cinsinsi cace n'cimodzi ndi ca mtsuko wa madzi akumwa. Madzi atuluka thukuta pa mphika wakunja, ndipo pouma atenga kutentha kwa m'kati. Cifukwa cace mphika wakunja usapakidwe utoto, ndipo ukhale pamthunzi popita mphepo, monga pakhonde. Thirani madzi mumcenga m'mawa ndi madzulo. Njirayi ithandiza kwambiri m'cilimwe, pamene mpweya uli wouma. Nthawi ya dzinja mphamvu yace icepa. Ndi ya masamba ndi zipatso: nyama ndi nsomba zaziwisi musasungiremo.

POSAMBIRA M'MANJA

Colera imene inabuka m'Zambia m'caka ca 2023 kufikira 2024 inapha anthu oposa 700. Matenda otere ayenda ndi madzi oipa ndi manja akuda. Cigubu ca malita asanu cimene munali mafuta ophikira cikhoza kuteteza banja. Citsukeni bwino, muboole kabowo ndi msomali wotentha pansi pang'ono pa citsekero, ndipo mucipacike pa mtengo wopingasa pakati pa mphanda ziwiri. Mangani cingwe kukhosi kwa cigubu, cifike pa kamtengo kogona pansi. Mukaponda kamtengoko cigubu ciwerama, madzi naturuka pang'ono-pang'ono, manja osakhudza kanthu. Anzathu a ku Malawi acicha mpondagiya. Pacikani sopo pambali. Posowa sopo, phulusa lithandizako. Pansi kumbani kadzenje ndi kuikamo miyala kuti madzi asadikhe. Cimodzi cikhale pakhichini, cina pacimbudzi.

KUKOMETSERA

Kukongola sikugulidwa kusitolo kokha. Amai a m'midzi yathu adziwa kale kuzira pansi ndi kulemba maluwa pakhoma ndi katondo wofiira, dothi lakuda la kudambo, makala opera ndi phulusa loyera. Luso limeneli lisafe, atsikana aliphunzire. Kuzira kawiri-kawiri kutseka ming'alu imene nsikidzi ndi utitiri zibisalamo. Matabwa akale kapena nsungwi zipanga mashelefu okweza mbale ndi ufa kuti nkhuku ndi agaru asafikeko. Panja mangani thandala loyanikapo ziwiya padzuwa. Zigamba za citenje zolumikiza zikhala nsaru ya pazenera, ndipo masaka otha aluka mphasa yopondapo.

ZINTHU ZOSAYENERA KUBWERA PAKHOMO

Pano cherani khutu, makamaka inu alimi a thonje, fodya ndi matimati. Botolo kapena cigubu cimene munali mankhwala ophera tizirombo cisasungire madzi, mkaka, mcere, mafuta kapena mowa, ngakhale mutacitsuka kangati. Ululu ulowerera m'pulasitiki. Citsukeni katatu, madziwo muwathire mu pampu yopoperera mbeu, muciboole kuti wina asacitole, ndipo mufunse Mlangizi wa Zaulimi za kumene muyenera kucipereka.

Mabatire akale a galimoto ndi a sola ali ndi mtovu. Musawaswe, ndipo ana asaseweretse. Mgodi wa ku Kabwe unatsekedwa m'caka ca 1994, koma mtovu wotsala m'nthaka wapitiriza kudwalitsa ana kwa zaka zambiri. Uononga magazi ndi ubongo. Musakolezere moto ndi mapulasitiki kapena mphira, pakuti utsi wace ndi woipa koposa wa nkhuni. Matayala akale asunga madzi a mvula ndi kuswetsa udzudzu. Aboolani, kapena adzazeni dothi ndi kubzalamo anyezi kapena maluwa.

NTHAWI YACE

Nchito zonsezi ziyenera miyezi ya June kufikira September, mutatha kukolola, pamene njerwa ziuma bwino ndipo manja ali ndi mpata. Musayambe zonse pamodzi. Yambani ndi citofu ndi zenera la utsi, pakuti ndizo zikhudza moyo wa amai ndi ana tsiku ndi tsiku. Mutu umodzi susenza denga: abambo aumbe njerwa ndi kukwera padenga, amai aonetse msinkhu wa miphika yao, ana atole mabotolo. Mabanja atatu kapena anai akathandizana, makhichini onse atha mvula isanagwe. Pamene pabvuta, funsani Mlangizi wa Zaulimi kapena a zaumoyo a ku cipatala ca kwanu.