Coleus barbatus: mbale wake wa buye yemwe mizu yake ili ndi mankhwala

Sabata ino tikambirane za chomera china chimene anthu ambiri amachibzala pofuna kukongoletsa pakhomo kapena kuchita mpanda, koma akatswiri a zamankhwala akhala akuchifufuza kwa zaka zoposa 50. Dzina lake la sayansi ndi Coleus barbatus. M'mabuku ena mudzachipeza chikutchedwa Plectranthus barbatus kapena Coleus forskohlii, koma chomera ndi chomwecho.

Banja lake

Chomerachi chili m'banja la minti limene akatswiri amalitcha Lamiaceae. Abale ake ena timawadziwa bwino kuno kwathu. Buye amene amalimidwa ku Dedza ndi ku Ntcheu ndi mbale wake weniweni. Mpungabwi umene timathamangitsira udzudzu m'nyumba nawo ndi wa banja lomweli, chimodzimodzinso maluwa aja a masamba amawangamawanga, ofiira, achikasu ndi obiriwira, amene timawaona m'mabwalo a nyumba za m'tauni.

Kuzindikira zomera za banjali sikovuta. Gwirani tsinde lake, mudzamva kuti lili ndi ngodya zinayi. Masamba amatuluka awiriawiri moyang'anana, ndipo awiri otsatira amapingasa oyambawo. Mukafikisa tsamba m'manja limatulutsa fungo lamphamvu. Duwa limakhala ngati kakamwa ka milomo iwiri, ndipo likauma limasiya tinjere tinayi.

Masamba a Coleus barbatus ndi ochindikala, a ubweya wofewa, okhala ndi timano m'mphepete. Maluwa ake ndi a buluu wopita ku pepo ndipo amandandalika pa ngala yaitali.

Mitundu iwiri

Apa ndi pamene mlimi ayenera kutchera khutu. Ku Kenya ndi maiko ena a kummawa kwa Africa kuli mtundu waukulu umene umatalika kupitirira mamita 2. Anthu amaubzala ngati mpanda wa m'malire, ndipo masamba ake ofewawo amawagwiritsa ntchito kuchimbudzi m'malo mwa pepala. Ku Brazil mtundu womwewu amautcha boldo, ndipo amaphika masamba ake ngati tiyi wa m'mimba.

Ku India kuli mtundu waufupi, wosafika mita imodzi, umene mizu yake imanenepa ngati timakaroti. Mtundu uwu ndiwo umalimidwa pofuna mankhwala otchedwa forskolin. Mankhwalawa amapezeka makamaka m'mizu, ndipo ngakhale m'mizu youma momwemo nthawi zambiri safika gawo limodzi pa magawo 100 aliwonse.

Mbiri ya forskolin

Akatswiri a ku Central Drug Research Institute mumzinda wa Lucknow ku India ndiwo anayamba kupatula mankhwalawa m'chaka cha 1974. Dzina loti forskolin linabwera m'chaka cha 1977, ndipo limakumbutsa Peter Forsskål, katswiri wa zomera amene anaphunzira kwa Linnaeus ndipo anamwalira ku Yemen m'chaka cha 1763 ali pa ulendo wofufuza zomera.

M'chaka cha 1981 Kenneth Seamon ndi John Daly a ku America anaonetsa m'mene mankhwalawa amagwirira ntchito. M'maselo a thupi lathu muli kanthu kotchedwa adenylate cyclase kamene ntchito yake ndi kupanga mthenga wotchedwa cAMP. Forskolin amadzutsa kanthuka mwachindunji, mthenga uja n'kuchuluka. Zikatero mtima umagunda mwamphamvu, mitsempha ya magazi imamasuka, njira za mpweya m'mapapo zimatseguka, ndipo madzi opanikiza m'diso amachepa. N'chifukwa chake madokotala anayamba kumuyesa pa matenda a mtima, mphumu ndi matenda a maso otchedwa glaucoma.

Vuto la forskolin ndi loti sasungunuka bwino m'madzi. Akatswiri a ku Japan anamusintha pang'ono n'kupanga mankhwala obaya otchedwa colforsin daropate, amene anavomerezedwa m'dzikolo m'chaka cha 1999 pothandiza odwala amene mtima wawo wafooka mwadzidzidzi. Mankhwala amenewa amaperekedwa m'chipatala, dokotala akuyang'anira.

Nkhani yochepetsa thupi

Makapisozi ambiri a forskolin amene amagulitsidwa masiku ano, makamaka pa intaneti, amalengezedwa ngati mankhwala ochepetsa thupi. Umboni wake ndi wochepa. M'chaka cha 2005 kafukufuku wa masabata 12 pa amuna onenepa 30 ku University of Kansas anaonetsa kuti mafuta a m'thupi anatsikako. Chaka chomwecho kafukufuku wina wa masabata 12 pa amayi 23 sanapeze kuti amayiwo anachepa thupi. Anthu owerengeka chotere sangatipatse chitsimikizo, choncho musataye ndalama zanu chifukwa cha mawu okoma a ogulitsa.

Chenjezo

1. Amayi oyembekezera asamwe chomerachi. Kafukufuku pa makoswe anaonetsa kuti mankhwala a m'masamba ake akachuluka amasokoneza mimba ikangoyamba.
2. Amene akumwa mankhwala a BP asaphatikize ndi forskolin, chifukwa BP ikhoza kutsika mopyola muyeso.
3. Amene akumwa mankhwala oletsa magazi kuundana, monga warfarin, apewenso, poti akhoza kutaya magazi ambiri akavulala.
4. Kuwiritsa mizu kapena masamba kunyumba sikungalowe m'malo mwa mankhwala a kuchipatala. Wodwala mtima, mphumu kapena maso apite kuchipatala msanga.
5. Maluwa aja a masamba amawangamawanga ndi okongoletsera basi. Kufanana dzina sikutanthauza kufanana mankhwala.

Kalimidwe kake

Ku India mbewuyi imalimidwa kwambiri m'dera la Salem ku Tamil Nadu. Alimi akumeneko sabzala njere. Amadula nsonga za nthambi zotalika masentimita 10 mpaka 12, zokhala ndi masamba 6 kapena 8, n'kuzizika pa nazale. Pakatha pafupifupi mwezi umodzi, mizu itatuluka, amaziokera kumunda pa mizere yotalikirana masentimita 60, ndipo phando ndi phando masentimita 45. Apa ndiye kuti pa hekitala imodzi pamalowa mbewu pafupifupi 37,000.

Mbewuyi imafuna dothi la mchenga pang'ono, lothira manyowa owolerana bwino ndi losasunga madzi. M'dambo mizu imaola. Alimi amathyola maluwa akangotuluka kuti chakudya chipite kumizu. Amakumba pakatha miyezi 5 kapena 6, n'kutsuka mizuyo, kuidula tizidutswa ndi kuiyanika mpaka iume.

Mdani wake wamkulu ndi manematodi, tinyongolotsi ta m'nthaka tija timatupitsa mizu ya fodya ndi tomato. Choncho mbewuyi siyenera kutsatira fodya kapena tomato pa kasinthasintha wa mbewu. Langizo lomweli ligwirenso ntchito pa buye, poti naye manematodi amamukonda.

Musanabzale, pezani msika

Alimi ambiri a ku India amalima mbewuyi pa mgwirizano ndi makampani amene amapatula forskolin m'mafakitale. Mtengo umadalira kuchuluka kwa mankhwala m'mizu, ndipo zimenezi zimayezedwa mu labotale, osati ndi maso. Mlimi amene angadzaze munda ndi mtundu wa mpanda uja poganiza kuti ndi wa mankhwala adzakolola masamba opanda wogula, chimanga chakudya atachimana malo.

Munthu akabwera kudzakugulitsani mbewu ya coleus ndi lonjezo la phindu lalikulu, mufunseni mtundu wake, amene adzagule mizuyo, mtengo wake pa kilogalamu, ndiponso ngati ali wokonzeka kusaina mgwirizano. Akalephera kuyankha, bzalani mapando awiri kapena atatu pakhomo kuti pakongole, munda muusiyire mbewu zimene msika wake mukuudziwa. Kambiranani ndi alangizi a zaulimi a m'dera lanu musanaononge ndalama.