Phunziro 6: Nyengo ya Eocene

Aphunzitsi anzanga, ophunzira akakufunsani kuti, "Kodi akavalo ndi anamgumi anayamba liti?" musalizembe funsolo ayi. Afotokozereni za nyengo ya Eocene, yomwe inayamba zaka 56 miliyoni zapitazo n'kutha zaka pafupifupi 34 miliyoni zapitazo. Nthawi imeneyo dziko linali lotentha kwambiri, ndipo magulu ambiri a nyama zoyamwitsa omwe tikuwadziwa lero anayamba kuoneka. Kavalo woyambirira anali wamng'ono ngati galu. Makolo a anamgumi ankayenda pamtunda. Ku Wadi Al-Hitan, m'chipululu cha ku Egypt, kuli mafupa a anamgumi okhala ndi timiyendo takumbuyo.

Ntchito: Afunseni ophunzira kuti mafupawo anafika bwanji m'chipululu. Akambirane kaye m'magulu, kenako muwauze kuti kalelo malowo anali nyanja.